Mapiritsi a Seveni Koloko

Pakiliniki ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Khonjeni panali kafukufuku wa mapiritsi olera, wofuna kuona ngati akugwira ntchito komanso ngati sakuvulaza amayi. Woyang'anira anali a Hopeson, munthu wa sukulu yake ndithu, koma waphuma. Pogawa mapiritsiwo analamula kuti aliyense azimwa seveni koloko m'mawa, osaphonya, ndipo mwezi ukatha azibweza kapepala ka mapiritsiwo kopanda kanthu.

Dzinja lili mkati, amayi anayi othyola tiyi anapezeka ndi pathupi, chonsecho timapepala tawo tinkabwera tili mbee. A Hopeson sanafune kumva zambiri. Anayamba kulemba lipoti loti mapiritsiwo ndi achabechabe, achotsedwe pakiliniki.

Mbiriyi inafika kwa mayi Sellah, mmodzi mwa othyola tiyiwo. Mwana wawo wachisanu anabadwa movutikira, ndipo madokotala anawachenjeza kuti mimba ina idzawatengera kumanda. Jakisoni wolera ankawatayitsa magazi, moti mapiritsiwa ndiwo anali moyo wawo. Anakalira kwa anesi a Magdalena, amene anapempha a Hopeson kuti adikireko milungu iwiri. Bwanayo anavomera monyinyirika, akuti manambala sanama.

A Magdalena anavula yunifolomu, nabereka dengu, nalowa m'munda kuti akaone okha pomwe pagona vuto. Masiku oyamba amayi ankangofa ndi phwete poona anesi akuthyola masamba okhwima amene fakitale singalandire. Iwo ankaseka nawo, osafunsa kanthu. Tsiku lachisanu ndi chimodzi, ali pamzere wa kusikelo, anaona mayi wina dzina lake Lizzie akumasula kapepala pachitenje, natong'ola mapiritsi atatu, nawaponya pansi pa tiyi.

"Anesi, musakwiye," anatero a Lizzie ataona kuti agwidwa. "Seveni koloko imatipeza tili mkati mwa munda, mvula ili pamutu, akapitawo ali pamsana. Tikamakumbukira nthawi yadutsa, ndiye timati lero zapita basi. Nanga tibweze pepala lodzaza, tikuchititseni manyazi kwa abwana anu?"

A Hopeson atamva, anazindikira zoona zake. Mapiritsi analibe mlandu, wolakwa anali lamulo lawo lomwe. Koma tiwayamikire, sanaumirire pachabe. Lipotilo analing'amba, napita okha kusikelo kukapepesa. Kumeneko anagwirizana ndi amayiwo kuti azimwa akaweruka, akaiwala azimwa pomwe akumbukirapo, ndipo piritsi lotsala lizibwera kukiliniki popanda wokalipidwa.

Chaka chinatha popanda mayi wa m'kafukufukuyo wotenga pathupi mosafuna. Tsiku lolengeza zotsatira amayi anadzaza khonde la kiliniki, nthungululu zili pakamwa. Mayi Sellah analandira kapepala kawo katsopano, navina ndi dengu kumsana mpaka akapitawo anaombera nawo m'manja. Milungu iwiri yokha ya a Magdalena inapulumutsa zimene cholembera chaphuma chikanafafaniza tsiku limodzi. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.