Kathabwa Kofiira ka M'nsanja

Kalekale, koma osati kale la makolo ayi, pabwalo lina la ndege panali mayi wina dzina lake Esinala. Ankagwira ntchito m'nsanja, kuuza oyendetsa ndege pawailesi kuti, "Terani," kapena, "Dikirani kaye." M'nsanjamo munali lamulo: munthu akalowa mumsewu woterapo ndege, patebulo paziikidwa kathabwa kofiira.

Tsiku lina m'chilimwe, utsi wa osaka mbewa utaphimba dambo lonse, a Kamtedza, mkulu wa nsanjayo, analola Yotamu kulowa ndi thirakitala kukatchetcha udzu m'mbali mwa msewuwo. Asanaike kathabwa kaja, lamya inalira: mchemwali wawo watisiya. Mutu unaima. Esinala atabwera kudzawalandira, iwo anangoti, "Zonse zili bwino, mwanangu," n'kutsika akupukuta misozi.

Komatu Esinala pobwera anali ataona kuti shedi ya thirakitala ili pululu. Funso linafika pakamwa. Koma kufunsa munthu wamkulu, amene anakuphunzitsa ntchito, pa tsiku la maliro, ngati kuti sadziwa zochita? Aa, anameza mawu. Patebulo kathabwa palibe, pawindo utsi wokhawokha. Ndege itaitana, iye anati, "Terani." Safunsa anadya phula, abale anga.

Woyendetsa ndegeyo, Kaputeni Malikebu, anali atanyamula mwana wolumidwa ndi njoka. Potsika anaona chinthu chakuda mu utsimo. Lamulo lawo limati ukakayika, kwera, uzungulirenso, ufunse. Koma kumbuyo mayi ankakuwa, "Mwana wanga akuzizira!" Kaputeni anati chamumtima, "A kunsanja ali ndi maso," ndipo sanafunse kanthu.

Khooo! Phiko linamenya thirakitala. Onse a m'ndege anatuluka amoyo, mwana uja anathamangira naye kuchipatala ndipo anachira. Yotamu yekha anafera pomwepo.

A Kamtedza anamva phokosolo ali pasiteji ya basi, anabwerera chothamanga. Atatuwo anakumana patsinde pa nsanja, aliyense maso pansi.

"Ndikanaika kathabwa," anatero a Kamtedza.

"Ndikanazungulira," anatero Kaputeni.

Esinala anayang'ana kugeti. Chisoni chinamugwira. Kumeneko kunali kutangofika Nasibeko, mkazi wa Yotamu, khanda kumsana, botolo la thobwa m'manja, monga ankachitira masana aliwonse. Mlonda ankangoyang'ana kumbali. Mawu a Nasibeko anamveka mpaka kunsanja: "Kodi kwagwanji kumeneko? Tandiitanirani bambo a kwathu, thobwa likutentha ndi dzuwa."

Mkulu wa bwalo anafika thukuta lili kamukamu. "Mmodzi wa inu apite kugeti," anatero. "Osati nonse atatu, mungakabisalirane. Mayi uja akakafunsa kuti wapha mwamuna wanga ndani, wopitayo asakanamizire utsi. Akanene kuti, 'Ndine.'"

Palibe anasuntha. Esinala ankadziwa kuti dzina lake likatchulidwa sakana.

Nkhaniyi ine imandiwawa, ndipo sindiigamula. Winayu anaiwala chifukwa cha maliro, winayu anakhala chete chifukwa cha ulemu, winayo sanafunse chifukwa cha mwana wodwala. Nasibeko akadali chiimire pageti ndi botolo lake. Tsono inu mwakhala apanu, tandiuzani: mwa atatuwa, apite ndani kukanena kuti, "Ndine"?