Makina Oopa Dzenje

Kalekale, komatu osati kale la makolo, kunali nkhalamba ina yosaona, a Kamwendo. Miyendo nayo itayamba kuwakana, ana awo atatu aliyense anachitapo zake.

Woyamba, Sipiliyano wa ku Joni, anatumiza makina a matayala okhala ndi chogwirira, oona okha njira n'kumatsogolera munthu. Mwiniwakeyo kumudzi osapondako. "Makinawo ndi ine amene, bambo," ankatero pa foni, opanda ndi manyazi omwe.

Wachiwiri, Lekeleni, sankaiwala tsiku lomwe bambo ake anagwera m'dzenje la njerwa. Anawatchera makinawo kuti akangoona dzenje azibwerera, olo nkhalamba ikalipe bwanji.

Wachitatu, Zondiwe, ndiye ankawagwira dzanja zaka zonsezo. Tsiku lina anamva bambo ake akuuza alendo kuti makinawa ndiye mwana weniweni, sanyinyirika ngati anthu ena. Zinamupweteka. "Chabwino, azikutsogolerani omwewo," anatero, ndipo sanawagwirenso.

Kenaka Anankhoma, akazi a nkhalambayo, anamwalira. Kumanda abusa anaitana mwamuna wa malemu kuti aponye dothi loyamba. A Kamwendo ananyamuka, dzanja lina pachogwirira, lina litafumbata dothi. Makina anayenda pang'ono, anaona dzenje, n'kutembenuka. Nkhalamba ikankhe, makina osatheka.

"Chitsulo iwe, ndi mkazi wanga ali mmenemo!"

Koma kwaya inali itakweza nyimbo, ndipo anthu powaona akubwerera ankangoti chisoni chawakulira. Sipiliyano ankaonera maliro pa foni ali ku Joni komweko. Lekeleni anali gone pakati pa azimayi, kulira. Zondiwe anaona zonse, n'kuyang'ana kumbali. A Kamwendo anangomva makasu akukwirira kumbuyo kwawo, dothi lija likadali m'manja. Zoona, kubereka ana atatu n'kusowa dzanja limodzi!

Atafika kunyumba anapsa mtima kwambiri. Anaitana awiri aja, wa ku Joni naye ali pa foni.

"Dothi ili linali la amayi anu. Mmodzi mwa inu wandimana kutsanzikana nawo. Ameneyo pamanda panga asadzaponye kanthu!"

"Ine ndinakugulirani maso," anatero Sipiliyano.

"Ine ndimaopa kuti mungathyoke," analira Lekeleni.

"Ine munandichotsa nokha," anatero Zondiwe.

Nkhalamba sinatchule dzina. Inangomanga dothi lija pakampango n'kulowa m'nyumba.

Tsono inu nenani: pa atatuwa, ndani asadzaponye dothi pamanda a bambo ake?