Ng'ona Adziyeretsa Yekha Mano

Kalekale, ana inu ndi akulu omwe, kumtsinje kunali Nkhanu, katswiri woyeretsa mano. Ankalowa m'kamwa mwa nyama ndi timchenga tosalala, kwecha kwecha, dzino limodzilimodzi. Ntchito yake inali yochedwa, koma Mvuu akaseka, ngakhale a kutsidya ankaona kuti wachokera kwa Nkhanu.

Lamulo lake linali limodzi. Asanalowe, ankaimika kamtengo pakati pa nsagwada. Mng'ono wake analowapo m'kamwa mwa Ng'ona popanda kamtengo, ndipo sanatulukemonso.

Tsiku lina Ng'ona yemweyo anatulukira, mano ali achikasu ngati dzungu.

"Mayi Nkhanu, ndikukafunsira mbeta kumtunda uko. Lowani mundikwechere."

"Yasamulani, bambo, ndiike kamtengo."

"Kamtengo kachiyani, munthu wamkulu ngati ine? Lowani choncho. Mukakana, ndifukula una wanuwu ndi ana omwe."

Nkhanu anaona malovu akuchucha m'kamwa mwa Ng'ona. Anayang'ana tiana take tili mbuu pakhomo, ndipo anachita mantha kwambiri. Koma mawu ake anatuluka ofatsa.

"Njira zilipo ziwiri, bambo. Yangayi ndi yochedwa. Mubwera kangapo, ndipo musala nyama mpaka nditamaliza."

"Kusala nyama? Inayo ndi yotani?"

"Inayo ndi yakunyumba. Mumatsuka nokha ndi ndimu losapsa ndi mchenga, lero lomwe mano mbee. Koma ndimu likhale limodzi. Mukachulutsa ayera mopitirira, anzanu angachite nsanje."

Ng'ona atamva za nsanje, mchira unagwedezeka wokha. Mumtima anati, nkhanu sithawa, ndiyambe ndayera. Anakathyola mandimu dengu lathunthu, natapa mchenga wokhakhala uja wa timiyala. Tafu tafu, kwecha kwecha. Tafu tafu, kwecha kwecha. Atadziyang'ana m'madzi, manodi anali mbee.

Anabwerera kwa Nkhanu akuyenda monyang'wa.

"Ukatswiri wanu uja ndi umenewu? Lowani, mungondimalizira akumapetowa."

Nkhanu analowa, wopanda kamtengo. Ng'ona anati atseke kukamwa kuti khapu. Mano atangokhudzana, anayayamira, ululu n'kukafika kumchira.

"Mayo ine!"

Kukamwa yasa. Anayesanso, zomwezo. Ngakhale kamphepo kakadutsa, misozi inkatsika.

Nkhanu anayenda chammbali monga mwa nthawi zonse, mosafulumira, akuyendera dzino ndi dzino.

"Ili mwalipala mpaka latha. Ili nalonso latha." Anagogoda lina kuti go, Ng'ona n'kubuula. "Ili ndiye linadya mng'ono wanga."

Anatuluka, nasasa mchenga m'manja.

"Ndichira liti, mayi?" anafunsa Ng'ona, mawu osamveka bwino poti milomo sinkakumana.

"Kagoneni padzuwa, kukamwa kuli yasa. Mukangotseka msanga, ziyambiranso."

Kumtunda kuja Ng'ona sanapite. Akanakanena chiyani kwa eni mbeta ndi kukamwa kosatseka? Ana a Nkhanu anakula onse, osasowapo ndi mmodzi yemwe. Ng'ona mukamupeza pamchenga ali yasa, musamufunse, akudikirabe kuchira.

Nthano yanga yathera pompa, mbatata ija iphuleni isapserere. Amene akufuna mano oyera pofika mawa, mandimu ali kuseri kwa nyumbaku. Nyama yake tidzamudyera ife.