Mazira a chule m'beseni

Panali munthu wina wolima dimba, ndipo ankadana ndi achule. Ankati amamusokosa. Chaka china anathira mankhwala m'thamanda la kudimba kwake, achule onse n'kufa. Kudimbako kunati zii. Koma posakhalitsa mbozi ndi nkhono zinachuluka, n'kuyamba kumaliza mpiru ndi kabichi, poti wozidya panalibenso.

Munthuyo anazindikira kulakwa kwake. Mvula itatsuka thamanda lija, analawirira kudambo la kutsidya, natapa mazira a chule ongoikira kumene, aja okutidwa ndi zonanda ngati therere. Anawaika m'beseni la madzi pakhonde, kuti akaswa akabwezere achule kudimba. Anabwerekanso galasi lokulitsa zinthu kwa mnzake wokonza mawotchi.

Atasuzumira, anaona m'dzira lililonse kadontho kakuda kobulungira bwino. Anakondwa. Atasuzumiranso, kadontho kaja kachita mng'alu pakati. Kenaka mng'alu wina wopingasa.

"Aphwanyika," anatero, nawakhuthulira pansi.

Anakatapa ena. Nawonso anang'aluka, nawonso anawataya. Mvula inali itayamba kutha, ndipo achule anali pafupi kuleka kuikira. Anakatapa kachitatu, ochepa okha amene anawapeza. Dzuwa lisanafike pamutu, ming'alu ija yabweranso. Atanyamula beseni kuti akataye, mkazi wake analigwira mbali inayo.

"Bambo a Ndaziona, tulani pansi."

"Awonongeka awa, mayi. Taonani nokha, ali zidutswazidutswa."

"Akununkha?"

"Ayi."

"Ndiye mukutayiranji? Galasi munabwereka, koma kudikira munaiwala kubwereka. Mukaligwiranso beseni ili, ndiwo muziphika nokha."

Mayiyo anavundikira beseni ndi lichero, nakaliika pamthunzi. Mwamunayo ankangolizungulira, manja kumbuyo, n'kumasuzumira mwakuba. Tizidutswa tija tinagawikanabe mpaka osawerengeka, koma sitinamwazike. Tinagwirana. Kadontho kanatalika, kanapinda, kanachita mutu ndi mchira. M'mawa wina mbululu zinali yakaliyakali m'madzi. Mng'alu umene iye ankauyesa imfa, ndiwo unali chiyambi cha thupi.

Anazinyamula pang'onopang'ono, ngati wanyamula khanda, nakazitsanulira m'thamanda. Mvula ya chaka chotsatira, kudimba kunali phokoso la achule, ndipo iye sanadandaulenso.

Abale anga, ine sukulu sindinapite nayo patali, koma ichi ndachiona. Munthu akayamba kusintha, saoneka bwino. Amene ankalankhula molimba amayamba kudodoma, lero akulira, mawa wakwiya, mtima uli pawiri. Ife amuna timafulumira kunena kuti uyu watha, n'kumutaya. Mwina muli naye kunyumba wotere, mwana wanu kapena mng'ono wanu. Musamayese kuti mng'alu uliwonse ndi kuwonongeka. Muikeni pamthunzi, manja anu akhale kumbuyo. Ndipo wina akagwira beseni mbali inayo, tulani pansi.