Gitala Yosowa Pamaliro a Gilford

Chilape! Kanthu aka kali ndi mimba koma sikadya, kali ndi khosi koma sikameza. Ukakakanda kamalira, koma anthu m'malo mokatonthoza amadzuka n'kuvina. N'chiyani? Mwalephera eti? Baireni nkhuku basi, za ng'ombe ndikudziwa mulibe.

Ndi gitala. Ndipo imene tikunena pano inkakhala pamsomali m'nyumba ya lendi ku Nsungwi, kwa Gilford kalipentala ndi mkazi wake Ennie.

Loweruka lililonse masana chitseko chikangotsekedwa, nyumbayo inkayamba kuimba. Amayi pampopi ankaiwala ndowa mpaka kusefukira. "Koma Gilford zala anapatsidwa!" ankatero. Gilford akatuluka ankangomwetulira n'kumakanda m'mutu ngati munthu wamanyazi. Zoona zake, zala zakezo zinkadziwa hamala ndi sowo basi. Woimba anali Ennie. Gitalayo inali ya malemu bambo ake a ku Dowa, amene anamuphunzitsa ali kabuthu. Koma atangokwatiwa, apongozi ake aakazi ananeneratu kuti mkazi wokumbatira gitala ndi wa m'mabala. Gilford, poopa mayi ake, anati, "Uziimba, koma tizitseka chitseko." Anthu atayamba kutama iye, sanakane. Ennie nayenso sanatsutse. Zaka khumi ndi chimodzi wolima anali mkazi, mbiri n'kumapita kwa mpini.

Chaka cha 2005 chikupita kumapeto, njala ili m'makomo, Gilford anadwala miyezi itatu n'kutsikira kulichete. Mukudziwa inu mmene namfedwa amakhalira: pamphasa pakati pa amayi, mutu uli m'chitenje, osayendayenda, osayang'ana pakhoma. Atabwerako kumanda Ennie anakweza maso. Msomali unali wokha.

Sabata isanathe, abale a mwamuna anabwera ndi kagalimoto ka matola. Bedi, mipando, wailesi, bokosi la zipangizo, ngakhale mbaula, zonse zinakwera. Ati poti sanasiye mwana, katundu abwerere kumtundu. Ennie sanagwire ngakhale mwendo wa mpando. Anangofunsa chinthu chimodzi.

"Gitala yanga ili kuti?"

Amene anayankha ndi Lucious, mng'ono wa malemu, munthu wopanda ntchito yodziwika koma pakamwa pali injini. Ankavala magalasi akuda ngakhale kukugwa mvula, ndipo ankati anakhalako ku Joni, pamene odziwa amati ulendowo unathera pa Dedza.

"Alamu, pamaliro pamadza anthu amitundumitundu," anatero akukweza mbaula. "Ena amabwerera kulira, ena kusuzumira. Pepani ndithu. Ineyo ndikanamuona wakubayo, bwenzi pali maliro awiri."

Ennie anasamukira ku Mgona, m'kachipinda kamodzi kodontha, n'kuyamba kukazinga zitumbuwa. Loweruka masana zala zinkamuyabwa. Ankangozikanda pamphepete mwa lichero.

Patapita miyezi inayi kunabwera Kulusumu, mayi wogulitsa usipa, yemwe ku Nsungwi kuja nyumba yake inkagawana khoma ndi ya Ennie. Sanadikire ndi mpando womwe.

"Achemwali, ndaiona! Ili pamsana pa mlamu wanu ku Chinsapo, lamba wake ndi wa chitenje chija ndinakupatsani ine. Akuyenda nayo kuchoka pabawo kupita kometera, kuchoka kometera kubwerera pabawo, ati anagula ku Joni. Anthu akati taimbani, ati woimba weniweni saimba pafumbi. Dzulo ati chala chatupa. Iih, chala chimenecho chinatupa chaka chatha!"

Ennie anakadandaula kwa a Enerst, malume a malemu, amene ankasunga mbumba yonse ku Area 25. Lucious ataitanidwa anaona kuti za ku Joni sizigwira, basi anangosintha giya.

"Inde ndi yomweyo, sindikukana. Achimwene anandipatsa okha ali pabedi kuchipatala. Nanga anawaphunzitsa kuimba ndani? Si ine? Ndinkawagwira zala chonchi, chimodzichimodzi. Tsono alamuwa gitala achita nayo chiyani, apetera mgaiwa?"

"Ndi ya bambo anga," anatero Ennie. "Ndinabwera nayo m'banja."

A Enerst anapukusa mutu. "Mayi, musativute. Nsungwi yonse ikudziwa kuti woimba anali mwana wathu. Kapena mukufuna mukagulitse?"

Mawu anafika pakhosi pa Ennie, otentha ngati mbatata yowotcha. Akanangonena kuti woimba ndinali ine, nkhani ikanathera pomwepo. Koma kunena zimenezo kunali kuvula malemu pagulu. Gilford anafa wopanda mwana, wopanda nyumba, ngakhale bokosi la maliro ake anamukhomera ndi anzake. Ulemu umodzi wokha umene anapita nawo kumanda unali wa nyimbo zija. Ennie anameza mbatata yake, n'kubwerera ku Mgona wapansi.

Kulusumu atamva zimenezi, anati:

"Achemwali, khoma lathu lija linali lopyapyala. Sabata imene amuna anu anali kuchipatala, Lachitatu masana, gitala inalira m'nyumba mwanu, motsitsa. Kodi anathawa kuwodi ndi botolo la madzi kumkono kudzaimba?"

Ennie anaphimba nkhope. "Ndimuvule munthu ali m'manda?"

"Wakufa samva kuzizira. Amene akugona pasimenti ndinu."

Kulusumu anatenga dengu lake, ndipo kuyambira sabata imeneyo usipa wake unayamba kukonda msika wa Chinsapo. Akangomuona Lucious pabawo, ankafuula kuti onse amve.

"Aphunzitsi! Anthu inu simukuwadziwa awa? Awa ndi amene anaphunzitsa malemu Gilford! Tsiku la chiliza likubwera, kumeneko ndiye tikamve zenizeni. Tinkangomva mwana wasukulu, tsopano tikamve ahedi!"

Lucious ankafufuma ngati mandasi m'mafuta. "Mudzaona nokha, amayi. Mubwere ndi mipango yopukutira misozi." Mumtima ankati adzaiberekera kumsana monga mwa masiku onse, anthu aione, kenako chala chidzatupa.

M'mawa wa tsiku la chiliza anaipukuta ndi polishi wa nsapato mpaka kuwala. Kenako anayang'ana timakutu tija tokungira nsambo, kumutu kwa gitala. Kena kanaloza kumwamba, kena kumbali, ngati mano a nkhalamba. "Achimwene analinso osasamala," anatero. Anatipotokola tonse, kamodzikamodzi, mpaka tinaima mzere umodzi ngati asilikali.

Atachoka kumanda, anthu anasonkhana pabwalo la a Enerst. Panali abale, a kutchalitchi, ndi amayi aja a pampopi ku Nsungwi. Thobwa likuyenda m'makapu, Ennie anakhala kumapeto kwa mphasa, pafupi ndi ndowa yotsukira mbale. Maso ake sanachoke pagitala. Inali ikunyezimira ngati nsapato ya mkwati.

"Aphunzitsi!" anayamba Kulusumu. "Nyimbo ija ya Loweruka!"

"Aaa, amayi, lero chala ichi..."

Koma a Enerst, amene anakhulupirira mphwawo ndi mtima wonse, anakweza dzanja. "Imba, Lucious. Mbale wako wagona m'nyumba yatsopano lero. Amve kuti nyimbo zake sizinafe."

Panalibe pothawira. Lucious anaponda phazi pampando, n'kukonza magalasi. Anayamba ndi mawu: za holo zikuluzikulu za ku Joni, za azungu amene ankalira iye akamaimba, za mmene malemu analili wovuta kuphunzitsa. Thobwa linazizira m'makapu. Pomaliza anatukula dzanja m'mwamba n'kulitsitsa pansambo.

Gwedee! Khwrrr!

Galu wa a Enerst anadzuka n'kulowera kuseri kwa bafa. Khanda lina linayamba kulira.

"Ikutenthetsa kaye," anatero Lucious, thukuta lili kamukamu. Anakandanso. Ulendo uno zinamveka ngati malata akusasuka ndi mphepo. Amayi ena analuma nsonga za zitenje.

"Yafa iyi," anatero Lucious molimba mtima. "Yatsatira achimwene. Ndikukuuzani ine, palibe munthu angailize, ngakhale mutaitumiza ku Joni."

"Ngati yafa, apatseni amasiye ailire," anatero Kulusumu. Lucious asanayankhe, Kulusumu anali ataisolola kale m'manja mwake, n'kudutsa nayo pakati pa anthu, n'kuiika pamiyendo pa Ennie.

Ennie sanaigwire msanga. Anayang'ana apongozi ake, amene anali atatuzula maso. Anayang'ana amayi a pampopi, amene m'mawa womwewo kumanda ankanena kuti woimba ngati Gilford sadzapezekanso. Anadziwa kuti akangoikhudza, mwamuna wake atsala kalipentala chabe. Akaisiya, ibwerera pamsana pa wakuba, ndipo bambo ake afa kachiwiri.

Anapukuta polishi ndi chitenje chake. Anatsamiritsa khutu pamimba pa gitala n'kuyamba kubweza timakutu tija, aka pang'ono, aka kwambiri, akumvetsera ngati namwino. Kenako zala zinagwa pansambo.

Inali nyimbo yomwe ija. Yopanda dzina, yoyamba motsitsa ngati munthu akuyenda chonyang'ama, kenako n'kukwera. Amayi a pampopi anaizindikira isanafike pakati. Wina anayika kapu pansi. Wina anagwira pakamwa.

"Kani!" anatero mayi wina wachikulire. "Zaka zonse zija... kani anali mayiyu?"

Palibe anavina. Ennie ankaimba misozi ikudonthera pathabwa, osaipukuta. Apongozi ake anadzifunditsa chitenje kumutu, kaya ndi chisoni kaya ndi manyazi, anadziwa okha. 

Nyimbo itatha, a Enerst anavula chipewa. "Mayi, tengani chanu. Takulakwirani."

Za bedi, mipando ndi mbaula sanatchule, ndipo sizinabwerere mpaka lero. Ennie sanathokoze. Anakoleka lamba paphewa n'kuimirira, gitala ili kumsana, nkhope ili youma ngati ya munthu wochokera kumanda kachiwiri tsiku limodzi.

Munthu wanzeru pamenepo akanazemba mwakachetechete. Koma Lucious pakamwa panalibe mabuleki. Anakonzanso magalasi, n'kutsokomola.

"Mwaonatu? Alamuwanso ndinawaphunzitsa ndine. Kungoti pena akufulumiza."

Ambuye! Bwalo lonse linaphulika. Amayi a pampopi anagwerana pamphasa, ena akumenya pansi ndi manja. A kutchalitchi anayesa kudzigwira, koma thobwa linawatulukira m'mphuno. Ngakhale a Enerst anabisa nkhope m'chipewa, mapewa akugwedezeka.

"Aphunzitsi, musapite!" anafuula Kulusumu. "Galu uja akuti mumubwerezere, sanamve bwino!"

Lucious anatuluka pageti chammbali ngati nkhanu, kumsana kuli mbee, magalasi ali m'manja. Ku Chinsapo nkhani inafika iye asanatsike minibasi, moti pabawo anamulandira ataimirira, akufunsa ngati chala chaphwa.

Akuluakulu sananame: ng'oma yolira kwambiri siichedwa kung'ambika.