Nsato pa Utuchi wa Mkungudza

Panali munthu wina, mwini malo ogona alendo, amene anafuna kuweta nsato. Nsatoyo inali yaing'ono. Inapezeka itatemedwa ndi chikwanje m'munda wa nzimbe, ndipo mayi wina wosamalira nyama zakutchire anaichiritsa. Munthu uja anapempha kuti aziisunga iye, napatsidwa chilolezo. Anaipangira bokosi lalikulu la galasi pakhonde, pomwe alendo ankamwera tiyi.

Tsiku lodzaitula, mayiyo anayala nyuzipepala zakale m'bokosimo, nati: "Achimwene, pogona pake ndi pamenepa. Mapepala akada, chotsani, muyale ena. Mchenga ayi, idzaumeza pamodzi ndi khoswe. Utuchi wa paini kapena wa mkungudza, musayerekeze n'komwe, umawononga mapapo. Inu mphuno zanu zili m'mwamba. Iyi mphuno zake zili pansi usana ndi usiku."

Munthu uja anavomera. Koma alendo akasuzumira m'bokosi ankaseka, amvekere: "Njoka yokongola chonchi, mwaiika pa nyuzi ngati mandasi?"

Mawuwo anamulasa mtima. Anapita kwa kalipentala nadzaza thumba ndi utuchi wa mkungudza, wofiirira, wonunkhira. Anachotsa mapepala aja, nakhuthulira utuchiwo m'bokosi. Khonde lonse linanunkhira. Alendo anajambula zithunzi namuyamikira kuti amadziwa kusamala chiweto.

Nsato inayamba kukwawa pagalasi, kufuna potulukira. Iye anati ikusewera. Inalowa m'mbale ya madzi n'kutandala momwemo. Iye anati yamva kutentha. Inakana chakudya. Iye anati yakhuta. Kenaka inayamba kupuma kukamwa kuli yasa, thovu likutuluka m'mphuno.

Patapita mwezi mayi uja anabwera kudzaiona. Fungo linamuchingamira ali pamasitepe. Sanapereke moni. Anatsegula bokosi nanyamula nsato, ndipo inangolendewera m'manja mwake ngati chingwe chonyowa.

"Ndinakuuzani chiyani ine?" anafunsa mayiyo.

Munthu uja anayang'ana pansi. "Alendo ankandiseka, achemwali."

"Alendowo ndi amene amagona m'bokosimu?"

Mayiyo anamasula chitenje chake, nakulunga nsatoyo, nachoka nayo osacheuka. Inafera m'njira.

Tsono inu, abale anga, musapukuse mitu ngati ndikunena za munthu wakutali. Ndikunena inu amene munatenga ana a malemu mlongo wanu pamaliro, mudzi wonse ukuona, mukulumbira kuti simudzawasiyanitsa ndi anu. Lamulungu mumawaveka zochita kusita, n'kuwakhazika kutsogolo m'tchalitchi muno kuti tikuyamikeni. Ndipo takhala tikukuyamikani, ifenso manyazi atigwire. Koma amagona pati anawo? M'khitchini, pa chiguduli, mutu utatsamira thumba la makala, pambali pali botolo la mankhwala othira m'chimanga. Chipinda chokhala ndi bedi munachikiya, akuti n'cha alendo, alendo obwera kamodzi pachaka!

Mwana akamatsokomola mumati akuthawa ntchito. Akakhala duu mumati ndi waulemu. Si ulemu umenewo. Wosungidwa sadandaula, chifukwa alibe kwina kolowera. Pogona pake sanasankhe yekha, munamusankhira ndinu, ndipo munasankha ndi maso a anthu odutsa.

Lero mukafika kunyumba, musanavule jekete, musanakhale pampando, pitani pomwe amagona mwanayo. Gonani pomwepo inuyo, nkhope pansi, mupume mpweya umenewo. Mukadzuka mukutsokomola, musadikire mawa. Tengani kiyi mukatsegule chipinda chija.