Gulo ndi Sola ya Njati

Linali Lachiwiri, pa 17 Juni, m'nyengo yozizira, mphepo ya chiperoni ikuwomba ndi kamvula kowaza. Gulo anadzuka atauma thupi lonse, pakuti mwala umene ankawotherapo dzuwa, Njati anali atauswa n'kumangira maziko a nyumba yake.

Anakwawa mpaka kumsika, nakapeza Njati yemweyo ndi Mvuu pa okala ya Nyani, akusankha sola. Zinalipo ziwiri: yaing'ono ya 90,000 kwacha, yokhala ndi chikalata chakuti ikafa mubweze, ndi ina yaikulu ngati chitseko, ya 40,000 kwacha, yopanda chikalata.

"Akuluakulu," anatero Gulo, "sola sayesa ndi maso. Amayesa ndi mimba, ndipo mimba yodziwa dzuwa ndi yangayi."

Anagona pa yaing'onoyo, nakwinya nkhope. "Taonani, mchira ukulendewera. Kasola kosakwana gulo kangakwane njati?" Atagona pa yaikuluyo anadziwongola, nagwedeza mutu katatu.

"Ine nditenga ya chikalatayo," anatero Mvuu.

"Gulani mapepala, achimwene," anaseka Njati. "Ine ndagula chitseko chathunthu, ndalama n'kutsala!"

Njati anakaika solayo padenga, koma madzulo babu lake linayaka ngati chiphaniphani.

"Iwe Gulo! N'chiyani chimenechi?"

"Solayi njatsopano, bwana, dzuwa silinaizolowere. Ifunika woigonera, kuti dzuwalo lione poyambira."

Lachitatu lonse Gulo anagona padenga, Njati akumuponyera ziwala. Babu silinasinthe.

"Vuto ndi kaikidwe, bwana. Ipendekereni kum'mawa."

Ananena izi chifukwa m'mamawa ndi pamene iye ankazizidwa kwambiri. Lachinayi Njati anakwera padenga, nathyola nsichi ziwiri, naipendeka. Babu silinasinthebe.

Lachisanu, pa 20, kwa Mvuu wailesi inalira tsiku lonse. Njati anathamangira kwa Nyani, koma Nyani anangotambasula dzanja: "Chikalata, bwana?"

Atabwerera anaizula solayo, naikanganula kuseri. M'kati munali katoni yopaka utoto wakuda, ndi timawaya tiwiri. Anaiponya ndi ukali, ndipo inakagwera pakati pa chitsamba cha minga, posalowa chilombo chachikulu. Kenaka anatembenukira Gulo.

"Lero uona!"

Gulo anapsepsereza pakati pa miyendo yake, ulendo wa m'minga muja. Solayo inali itagwa chopendekera kum'mawa. Anakwerapo, nayala mimba.

"Zikomo, bwana! Mwandibwezera mwala wanga, wosalala kuposa woyamba uja!"

Loweruka Njati anagula yaing'ono ija. Motero pofuna kupulumutsa 50,000 kwacha anataya 40,000 ndi nsichi ziwiri. Ziwala sindinathe kuziwerenga. Gulo akadali pomwepo, ndipo aliyense wodutsa amamugwedezera mutu katatu.

Amene analipo ndi awa: Njati, wogula, Mvuu, mnansi wake, Nyani, wogulitsa, Gulo, woyesa ndi mimba, Nkhanga zitatu zimene zinaseka, Fulu, amene anafika zonse zitatha, ndi ziwala makumi angapo, zimene sizinabwerere kwawo.